City Lights: kanema wa Chaplin yemwe akukana kukalamba

A mfumu, azimayi ndi azibambo, nanunso achinyamata mwadzadzana kumbuyoko, zikomo kwambiri pobwera. Tisanayambe kuonera ndichenjezeretu, kuopa kuti wina angadzuke pakati n'kumati sipika yafa. Sinafe ayi. Mu kanemayu anthu salankhula.

Dzina lake ndi City Lights, ndipo anamupanga ndi Charlie Chaplin, uja wa kachipewa, kandodo ndi nsapato zikuluzikulu. Anamuonetsa koyamba ku Los Angeles mu Januwale 1931, katswiri wa sayansi Albert Einstein ali mlendo wake wa Chaplin usiku umenewo. Apo n'kuti makanema olankhula atayamba kale mu 1927, makampani a ku Hollywood onse atathamangira komweko. Chaplin anakana. Ankadziwa kuti kamunthu kake kosauka kaja kamamveka dziko lililonse chifukwa sikatsegula pakamwa. Anangoikamo nyimbo, zambiri zopeka yekha. Poyambirira penipeni muona akuluakulu a mzinda akulankhula pamwambo wovundukula chiboliboli, koma m'kamwa mwawo mukungotuluka kaphokoso ka pwepwepwe. Kumeneko n'kuwanyogodola anzake a makanema olankhula, andale osawasiyanso.

Tsono pamene pagona luso ndi apa. Pali mtsikana wosaona amene amagulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, ndipo nkhani yonse yatsamira pa iyeyu kuganiza kuti wosauka uja ndi mpondamatiki. Nanga munthu wosaona angasokonezeke bwanji chotere, oonerafe n'kumvetsa, popanda wina kunena kanthu? Funsoli linamusowetsa tulo Chaplin kwa miyezi. Akuti kachigawo kameneka anakajambula maulendo 342, ndipo Virginia Cherrill, amene ankasewera mtsikanayo, nthawi ina anachotsedwa ntchito n'kudzaitanidwanso.

Yankho linali chitseko cha galimoto. Wosauka uja akuzemba wapolisi, ndiye akulowa m'galimoto yapamwamba yoima pamsewu, kutulukira chitseko chinacho, n'kutseka. Mtsikana wamva chitseko, akuti bwana atsika, akutambasula dzanja ndi duwa. Duwalo likugwa pansi, iye akufufuza ndi manja, ndipo m'pamene mnzathuyo akuzindikira kuti saona. Akupereka kakobili kake komaliza. Mwini galimoto akubwera, chitseko phwa, galimoto yapita. Mtsikana akuitana kuti bwana mwasiya chenji. Wosaukayo waima pomwepo, chenjiyo akuifuna ndithu, koma akuchoka monyang'ama kuti asamugwiritse mwala. Taganizani, kanema wopanda mawu, koma mfundo yake yamangidwa pa chinthu chimene mtsikana wamva ndi khutu, ifeyo tangochiona ndi maso.

Mulinso mpondamatiki weniweni, chidakwa, amene akaledzera amati wosaukayu ndi mnzake wa pamtima, kukacha osamudziwanso n'kumupirikitsa. Ena mukuseka, mwina mukuwadziwa anthu otere. Mathero ake sindinena, ndingakulandeni. Ndingoti mudzayang'anitsitse manja a awiriwa, kenako nkhope ya Chaplin.

Mbiri yake sinazilale. Mu 1952 magazini ya ku Britain ya Sight and Sound itafunsa akatswiri za makanema opambana onse, uyu anali m'gulu la atatu a pamwamba. Mu 1991 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inamuika m'kaundula wa makanema oyenera kusungidwa. Komatu si kuti alibe banga. Kwa ine, zoti maso a mtsikana angochira ndalama zikapezeka n'zophweka mopitirira, za m'nthano. Komanso nyimbo yomwe imalira mtsikanayu akaonekera, La Violetera, si ya Chaplin. Ndi ya José Padilla wa ku Spain, amene anakasuma kukhoti chifukwa dzina lake silinatchulidwe, ndipo anawina mlandu.

Ana inu, gawo lanu ndi la nkhonya. Wosaukayu akulowa m'bwalo kuti apeze ndalama ya lendi ya mtsikana uja, chonsecho nkhonya saidziwa. Ndiye akubisala kumbuyo kwa oyimbira, oyimbira akapita kumanzere iye kumanzere, mdani wake naye kutsatira, atatu onse phazi limodzi ngati a beni. Akapeza mpata akuponya kamodzi n'kubisalanso. Akuluakulu, poseka apo muonenso kuti kamera ili patali, ikuonetsa matupi athunthu kwa nthawi yaitali, ndiye panalibe pobisa wophonya sitepe.