Kudula dzuwa lili pamwamba, mabatani madzulo: uthenga kwa matelala anzanga

Moni nonse a m'gulu lino, amayi, abambo, ndi inu achinyamata amene mwangoyamba kumene kupalasa makina. Uthengawu utalikirapo, ndiye ngati bandulo yanu yatsala pang'ono mudzamvere usiku. Ndikuyankha funso lija anafunsa achemwali athu a ku Chibavi, loti munthu umakhala pa makina kuchokera m'mawa mpaka mdima, koma Loweruka likafika zovala za eni zili zosatha, vuto limakhala pati?

Sabata ino musasinthe kalikonse, ingodziyang'anani. Tengani kope lija mumalembamo miyezo ya makasitomala, mutsegule kumapeto kwake. Tsiku lililonse muzilembamo nthawi imene mwakhala pa makina, chimene mwasoka, amene wakudukizani, nthawi imene magetsi azima, ndi nthawi imene maso ayamba kuwawa moti ulusi ukukana kulowa pa singano. Musakometsere ayi, kopelo ndi lanu, palibe adzakuchongereni. Mukaliwerenga Lamlungu mudzaona nokha maola amene manja anu amathamanga, ndi maola amene mumangokhala pampando dzina lokha kuti muli pa ntchito.

Maola abwinowo muwapatse kudula. Msoko wokhota timaumasula, koma nsalu ukaidula molakwika yapita, ndipo chitenje cha mwini chogula ku msika wa Taifa ulipira ndiwe. Ambiri amati dula m'mamawa mutu usanatope. N'zoona mu Okutobala, pamene 6 koloko kumakhala kutayera kale. Koma kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi mukudziwa mmene kumachera: chifunga chili tolo, kamvula kakuwaza, zala zaumiratu moti sizasi ikungoterereka m'manja. Miyezi imeneyo yambani ndi kusita, simbi ikutenthetseni manja, kudula kudikire cha m'ma 10 koloko kukawala. Kumbukiraninso kuti nyengo yozizirayi dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndiye nsalu zakuda, monga masiketi ndi mabuluku a suti, muzisoke masana. Ulusi wakuda pa nsalu yakuda madzulo ndi kuwononga maso dala.

Musatengere za mnzanu. Bambo amene alibe mwana womukonzekeretsa kusukulu akhoza kutsegula 6 koloko, zake zimenezo. Inu mayi amene mumayamba mwaphika phala, kusambitsa ana, kuwaperekeza, tsiku lanu la ntchito limayamba 8 koloko, liwerengeni choncho osadziimba mlandu. Amene muli ku Luwinga makasitomala anu ambiri ndi ophunzira a ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, amabwera akaweruka, ndiye m'mawa wonse ndi wanu. Amene muli pakhonde m'tauni pafupi ndi msika, anthu amakupezani nthawi ina iliyonse, mwina ola lanu labata ndi lija masitolo asanatsegule. Wa ku Zolozolo wosokera pakhomo alinso ndi zake, alendo ake ndi aneba.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa nthawi yambiri imathera pamenepa. Chovala chimodzi kuchidula, kuchisoka, kuchisita, kenako n'kuyamba china, n'kuchedwa. Ulendo uliwonse mukusintha ulusi, kukulunga bobini (kogwira ulusi wapansi), kuchotsa zinthu patebulo kuti muyale nsalu, kukolezanso makala a simbi. Sanjani ntchito motsata mtundu wa ulusi. Ngati muli ndi mabulauzi oyera a amayi a Umanyano (bungwe la amayi a mpingo wa CCAP) ndi malaya oyera a sukulu, adulireni limodzi, chilichonse muchimange pachokha ndi kansalu, mulembepo dzina la mwini ndi choko kapena pa kapepala. Ulusi woyera ukalowa m'makina usatulukemo mpaka zoyera zonse zitatha. Bobini kulungiranitu zingapo madzulo a dzulo lake. Zikumveka zazing'ono, koma yesani muone.

Za magetsi sitilimbana nazo, timangozizemba. Akayaka, siyani zina zonse muthamangire ovaloko, makina omangira m'mphepete mwa nsalu, ndi simbi yamagetsi. Pambali pa mpando pakhale dengu la ntchito zamanja: mabatani, mipendero, zipi zofunika kumasula, ulusi wolendewera wofunika kudula. Akangothima, dengu lija pamiyendo. Amene muli ndi makina opalasa ndi mwendo musawagulitse chifukwa mwapeza amoto, aja ndiwo amakuwombolani tsiku loipa.

Mwana wina m'gulu muno anatumiza za njira ija ya Pomodoro. Anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980: umagwira ntchito mphindi 25, n'kupuma mphindi 5. Kwa wowerenga mabuku mwina imathandiza. Koma ine sindingasiye kolala ili pakati chifukwa foni yalira. Tengaponi chofunika chokha, chakuti thupi limafuna kupuma lisanachite kukukakamizani. Mukamaliza chigawo, kaya ndi manja onse awiri a malaya, imirirani, wongolani msana, yang'anani kutali kumsewu kuti maso amasuke, mumwe madzi, mubwerere.

Foni nayo. Mayi akakutumizirani chithunzi cha sitayilo pa WhatsApp, mumati ndingoona kamodzi, mukadzadzidzimuka mwaonera masitetasi a mpingo wonse. Iikeni m'chikwama, muziitsegula pa nkhomaliro ndi poweruka. Dipoziti ya pa Airtel Money kapena Mpamba sithawa, muipeza. Makasitomala auzeni mwaulemu kuti, amayi, kuyeza ndi kuyesa zovala ndi madzulo kuyambira 3 koloko. Poyamba ena adzanyinyirika, kenako azolowera, makamaka akaona kuti zovala zawo zikutuluka pa tsiku lake. Aja obwera kudzangocheza, apatseni mpando, koma mwendo usachoke pa makina.

Kugula zipangizo kukhale kwa tsiku limodzi pa sabata. Zipi imodzi isakukwezeni sakaramento, njinga ya kabaza ija, kupita m'tauni ndi kubwerera, ndalama ya njinga iposa phindu la zipiyo. Chikatha chinthu, lembani pa chikuto cha kope nthawi yomweyo.

Chaka chathu nachonso chili ndi nyengo zake, ndipo sizibwera mozemba. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, mayunifolomu yambani kudula mu Ogasiti pa masaizi amene amayenda kwambiri. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, aliyense amafuna kusoketsera mayi ake, ndipo ambiri amabwera kutatsala masiku awiri. Nthawi yomweyo zinkhoswe ndi maukwati zili mkati, Khirisimasi ili panjira. Apa kope lija likuthandizaninso, chifukwa likuuzani kuti pa sabata mumatha zovala zingati, osati zimene mumalakalaka mutamatha. Zikakwana zimenezo, wotsatirayo muuzeni tsiku lenileni, muwonjezerepo masiku awiri a magetsi ndi maliro. Akakana, mulozereni kwa mnzanu wa m'gulu lomwe lino. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaona matelala aluso akubisala kuseri kwa nyumba mkwatibwi ali pakhomo.

Loweruka poweruka chotsani fumbi la nsalu pansi pa singano ndi kaburashi, mudonthezere mafuta a makina, osati ophikira chonde, muike kansalu pansi pa phazi la makina kuti Lolemba mafutawo asadetse chovala cha mwini. Pokumana Lachisanu la mawa aliyense abwere ndi kope lake, tidzayamba ndi la achemwali a ku Chibavi ngati angalole. Zikomo, tsalani bwino.