Bwalo la ndege la ku Likoma: amatera ndani pamenepa?

Takulandirani, owonera athu. Lero tili ku Likoma, chilumba cha pa nyanja ya Malawi.

Tiyambe ndi mapu. Taonani pomwe pali chilumbachi. Chazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, moti mukaima kugombe la kum'mawa, mapiri a ku Cobué mukuwaona bwinobwino. Komabe Likoma ndi Malawi, pamodzi ndi Chizumulu. Gwero lake ndi amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), omwe anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1880 n'kuyamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's mu 1903. Atsamunda pogawana malire, zilumba ziwirizi zinatsalira m'manja mwa Angerezi. Ndiye kwanu ndi ku Malawi, koma kuti mukaponde ku Nkhata Bay, pali makilomita oposa 60 a madzi okhaokha.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma la Likoma. Ambiri mwa iwo msewu wawo ndi sitima, makamaka Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Matumba a chimanga, simenti, malata, usipa wouma wopita kumtunda, ana asukulu, zonse ndi pamadzi. Ilala imadutsa kamodzi pa sabata popita kumpoto, kamodzinso pobwerera. Tsono kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo aliyense wokulira kunyanja akudziwa kuti mwera ukavuta, boti laling'ono silichoka pagombe.

Apa m'pamene pakubwera nkhani ya bwalo la ndege.

Musaganize za KIA, bwalo lalikulu la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, ayi. Pano msewu woterapo ndege ndi umodzi, waufupinso. Pa matikiti bwaloli amalilemba ndi zilembo zitatu, LIX. Ndege zotera pano ndi zing'onozing'ono, zonga za Cessna za injini imodzi, ndipo kuchokera ku Lilongwe zimatenga pafupifupi ola limodzi. Ola limodzi! Wapamsewu nthawi imeneyo sanafike n'komwe ku Salima.

Koma n'chifukwa chiyani ndege zoterezi amachita kuyeza chikwama chilichonse pasikelo? Si nkhanza. Ndege imanyamuka mpweya ukamathamanga mokwanira pa mapiko ake. Kukatentha, monga kumachitira kunyanja mu Okutobala, mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, injini nayo mphamvu imachepa. Ndege imafunika kuthamanga mtunda wautali isanadzuke, pomwe msewu wake sutalika. Chimene woyendetsa angachepetse ndi kulemera basi. Amawerengera anthu, katundu ndi mafuta, ndipo mafutawo ayenera kukwanira kukatera kwina ngati nyengo itasintha ali m'mwamba. Kamalo koika katundu nako n'kopanikiza, n'chifukwa chake amakonda zikwama zofewa, osati masutikesi olimba aja.

Nanga amakwera ndani? Tisabise: ambiri ndi alendo odzaona malo, opita ku malo ogona ngati Kaya Mawa. Mtengo wa tikiti msodzi wamba sangaufikire. Amene amati bwaloli ndi la anthu a ndalama sakunama kwenikweni. Ine ndingowonjezera kuti mlendo wa masiku ochepa sangadikire Ilala sabata yathunthu, ndipo iye akapanda kubwera, wophika, woyendetsa boti ndi wogulitsa nsomba ku malo ogonawo ndi amene amayamba kumva kuwawa.

Palinso odwala. Chipatala cha St Peter's chikalephera matenda, ulendo wake ndi wa pamadzi mpaka ku Nkhata Bay, kenako pagalimoto kukwera mapiri kupita ku Mzuzu. Ndege ikhoza kufupikitsa ulendo wonsewo, koma pokhapokha patapezeka wolipira.

Ku Chizumulu ndiye kulibiretu bwalo. Wakumeneko akafuna ndege, ayambe wapeza boti lomuwolotsera ku Likoma.