Makalata a omvera: ana athu agwira njakata ku Cape Town

Sabata ino makalata ambiri akukamba nkhani imodzi, choncho inu a ku East Bank amene munalemba za mtengo wa thonje mundipirire, anuwo ndidzawerenga sabata yamawa. Nkhaniyo ambiri mwaimva kale. Ophunzira a sekondale ochokera kuno kuchigwa anapita ku South Africa kukapikisana pa za sayansi, ndipo akanika kubwerera chifukwa kampani ya ndege yomwe imayenera kuwanyamula yatseka mwadzidzidzi. Dzina la sukulu ndi maina a ana sinditchula.

Tiyambe ndi kalata yochokera ku Ngabu.

"Okondedwa aulutsi, ine ndine gogo, kalatayi wandilembera mwana wa mchemwali wanga. Mdzukulu wanga wamkazi wa Fomu 3 ali m'gulu la ana 12 ndi aphunzitsi awiri omwe atsakamira ku Joni. Amayenera kukwera ndege Loweruka kuchoka ku Cape Town kupita ku Johannesburg, kenako ina yowatula ku Chileka. Atafika pabwalo la ndege anapeza pamalo poonetsera matikiti palibe munthu, pangomatidwa chipepala chakuti ndege zonse zaimitsidwa. Pano akugona mu holo ya tchalitchi china. Mwanayu wandiimbira akunjenjemera, akuti ananyamula juzi imodzi yokha ya yunifolomu. Dzulo wandiimbiranso bambo wina, akuti ndi wa ku ofesi ya kazembe, nditumize K150,000 pa foni kuti mwana alembedwe pa ndege ina, ndikachedwa atsala yekha. Ine ndili ndi ng'ombe imodzi yomwe anandisiyira malemu amuna anga. Ndigulitse kodi? Sindikugona."

Agogo, ng'ombeyo ikhale kaye m'khola, ndipo bambo wa pafoniyo musamutumizire ngakhale tambala. Ameneyo ndi kamberembere. Ofesi ya kazembe siitanitsa ndalama pa nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ya munthu, ndipo palibe ndege imene imalemba ana mmodzimmodzi kudzera kwa agogo awo ku Ngabu. Anthu otere amamva nkhani pa wailesi ngati pompano, nafufuza manambala a makolo, ndipo chida chawo ndi mawu omwewo akuti "mukachedwa". Akaimbanso muwauze kuti alankhule ndi a hedimasitala, muona foni ikudulidwa. Nambalayo musaifufute, mukaipereke ku polisi.

Tsopano za anawo. Choyamba ndi kuzizira. Ku Cape Town miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti ndi ya chisanu ndi mvula yamphepo, usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Mwana wa ku Ngabu, wozolowera dzuwa la Okutobala lodutsa madigiri 40, sangapirire pa simenti ndi juzi imodzi. Ndalama zoyamba kupezeka zigule mabulangete ndi chakudya chotentha, matikiti abwere pambuyo.

Chachiwiri ndi mapasipoti. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza, koma amapatsidwa masiku osapitirira 30. Aphunzitsi atsegule pasipoti ya mwana aliyense, aone tsiku lomwe lalembedwa pa chidindo. Malamulo a kumeneko ndi okhwima: ukapitirira ndi masiku ochepa amakuletsa kulowanso kwa chaka, ukapitirira ndi masiku oposa 30 chiletso chimafika zaka zisanu. Mwana wa Fomu 3 amene mawa angapeze mwayi wa sukulu kumeneko asadetsedwe pasipoti chifukwa cha ngongole za kampani ya ndege. N'chifukwa chake ndikuti aphunzitsi adziwitse lero lomwe ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ofesi yathu ina ya ku Johannesburg, polemba kalata yokhala ndi maina ndi manambala a mapasipoti. A hedimasitala kuno adziwitse akuluakulu a maphunziro komanso unduna woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena ku Lilongwe. Musayembekeze kuti akazembe akugulirani matikiti, kawirikawiri ndalama zotero sakhala nazo. Koma kalata yawo imatsegula zitseko, ndipo wina akataya pasipoti ndi iwo amene amapereka chikalata choyendera.

Chachitatu, ndege yachiwiri ija ya ku Chileka. Yatseka ndi kampani yoyamba yokha. Koma ngati matikiti awiriwa anagulidwa padera, kampani yachiwiriyo imangoona kuti anthu sanabwere, za ku Cape Town sizikuikhudza. Aphunzitsi aiimbire, afotokoze, apemphe kusintha tsiku. Mwina padzakhala chindapusa, koma chindapusa n'chochepa poyerekeza ndi matikiti 14 atsopano. Apemphe ngati gulu la sukulu, osati aliyense payekha, chifukwa makampani a ndege amakhala ndi ofesi yoona za magulu yomwe imatha kupepuza zinthu.

Nanga afika bwanji ku Johannesburg? Ine ndikuti akwere basi. Kampani ina ikagwa, mipando m'ndege zotsala imachepa ndipo mitengo imalumpha tsiku lomwelo. Nthawi zina makampani ena amatsitsirako mtengo anthu otsakamira chonchi, kufunsa sikulakwa, koma kupeza mipando 14 pamodzi n'kovuta, ndipo ana asagawidwe. Pamsewu ndi makilomita pafupifupi 1,400, kudzera ku Beaufort West ndi Bloemfontein, usiku wonse ndi gawo la tsiku lotsatira, n'kutsikira pa Park Station. Za ndege ya ku Chileka zikakanika, pa Park Station pomwepo pali mabasi amene abale athu amakwera tsiku ndi tsiku: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza mpaka Wenela. Ndi ulendo wa masiku awiri kapena kuposerapo, kutengera mzere wa pa Beitbridge. Akasankha njira imeneyi, makalata a chilolezo cha makolo akhale m'manja mwa mphunzitsi, osati pansi pa sutikesi, chifukwa ana osafika zaka 18 amafunsidwa m'zipata.

Agogo, pumani pang'ono. Mwana ali ndi aphunzitsi, ali pansi pa denga, ndipo msewu ulipo.

Kalata yachiwiri yachokera ku Nchalo, kwa bambo wa m'komiti ya makolo, ndipo yabwera ndi moto.

"Achimwene a pa wailesi, ife makolo tinasonkha, ena anagulitsa mbuzi, bungwe lina linaonjezera. Lero akutiuza kuti tisonkhenso. Iyayi. Kampaniyo ibweze kaye ndalama zathu, ndalama zomwezo zigule matikiti ena. Komanso mphunzitsi amene anagula matikiti otchipa a kampani yakufa atiuze kuti chenji anapita nayo kuti. Ine ndauza anzanga kuti pasatuluke ndalama mpaka zimenezi zidziwike."

Bambo, mkwiyo wanu ndi womveka, koma mukadikira kuti kampaniyo ibweze, anawo adzalemba MSCE ali mu holo ya tchalitchi. Ndifotokoze mmene zimakhalira.

Kampani ya ndege imagulitsa matikiti a mwezi wamawa, ndalamazo n'kugulira mafuta a lero. Ndiye tsiku limene yatseka, ndalama zanu zinapsa kalekale mu injini. N'chifukwa chakenso sanena msanga kuti zinthu zavuta, amadziwa kuti akangonena anthu asiya kugula ndipo agwa tsiku lomwelo. Ikatero khoti limasankha munthu woti agulitse katundu wake n'kulipira angongole. Pamzerepo patsogolo pamaima mabanki omwe anagwira chikole, kenako ogwira ntchito ndi a misonkho. Inu a matikiti muli kumapeto kwenikweni. Ndegezo nazonso zambiri zimakhala zobwereka, eni ake amangobwera kudzatenga. Zimatenga zaka, ndipo chotsala chimakhala nyenyeswa.

Si zachilendo ku South Africa. Kampani ya 1time inaimitsa ndege zake mu Novembala 2012, anthu ali kale pabwalo ndi zikwama. Kampani ya Comair, yomwe inkayendetsa ndege zotchedwa Kulula ndi za British Airways za m'dzikomo, inaima pa 1 Juni 2022, itangogulitsa kumene matikiti otsitsa mtengo, ndipo mwezi womwewo khoti linalamula zoithetsa. Imeneyo sinali kampani ya dzulodzulo, inayamba mu 1946. Tsono ngati akuluakulu a ku Joni okwera ndege sabata iliyonse anapusitsika, mphunzitsi wa kuno kuchigwa akanadziwira kuti? Kugula tikiti yotchipa ndi ndalama za mbuzi za anthu si mlandu. Ngati mukukayika za chenji, funsani malisiti, ndi ufulu wanu, koma mlanduwo uzengedwe ana ali kunyumba. Panopa munthuyo akulera ana 12 a eni ake kudziko lachilendo, foni yake ikhale yolandirira thandizo, osati matukwana.

Ena mukumbukira kampani ya maulendo ya Thomas Cook ya ku Britain yomwe inagwa pa 23 Seputembala 2019. Boma lawo linabwereka ndege n'kubweza kwawo anthu pafupifupi 150,000. Iwowo anali ndi thumba lokonzera zimenezo. Ife tisadzinamize. Air Malawi yathu yomwe inatha mu 2013, n'kubwera kampani yatsopano.

Sindikuti ndalamazo muzitaye. Pali zitseko zitatu zoti mugogode, koma chimodzi ndiye chodalirika. Ngati matikiti analipiridwa ndi khadi la kubanki la Visa kapena Mastercard, mwini khadiyo apite kubanki yake akalembe dandaulo lakuti analipira koma ntchito sinachitike. Banki imatha kulondola ndalamazo n'kuzibweza osadikira za kukhoti. Pamakhala malire a nthawi, kawirikawiri masiku 120, choncho apite sabata yomwe ino atatenga malisiti, matikiti ndi chithunzi cha chipepala chija chinamatidwa pabwalo la ndege. Auzeni aphunzitsi achijambule asanachoke. Ngati munagula kudzera kwa ejenti, mufunseni kuti analipira motani, chifukwa mwina khadi lake ndi limene lingatsate ndalamazo. Inshuwalansi ya paulendo ngati inalipo muiwerenge bwino, zambiri zimalipira matenda ndi katundu wotayika koma kugwa kwa kampani ayi, pokhapokha zitalembedwa mwachindunji. Dzina lanu kalembetseninso kwa wogulitsa katundu uja, koma musawerengere zimenezo pa bajeti.

Ndiye inde, bambo, musonkhanso. Koma pitani kaye ku bungwe lija linathandiza komanso kwa omwe anakonza mpikisanowo. Anaitana ana, ali ndi gawo lawo.

Iyi ndi yaifupi, yachokera ku Makhanga.

"Aulutsi, ife madzi a Freddy atatizungulira mu 2023 tinakhala pa chulu masiku angapo, palibe anatisonkhera. Lero mukufuna tisonkhere anthu okwera ndege?"

Achimwene, sindikutsutsani. Zimene munaona inu a ku Makhanga, mu 2015 komanso mu 2023, sitingaziyerekeze ndi kugona mu holo ya tchalitchi, ndipo palibe amene akukukakamizani. Ndingoti okwera ndegewa ndi ana a alimi a thonje ndi asodzi a m'Shire momwemu, ambiri aiwo Chileka anaiona koyamba tsiku lonyamukalo. Amene ali nazo apereke. Amene alibe asachite manyazi.

Uthenga wotsiriza wabwera pa WhatsApp kuchokera ku Cape Town komweko.

"Akulu, ine kwathu ndi kwa Tengani koma ndimagwira ntchito ya zomangamanga kuno. Tilipo anyamata angapo a ku Nsanje ndi Chikwawa. Tamva za anawa. Titha kupereka mabulangete ndi ufa, ndipo ena titha kuwatenga awiriawiri azikagona kwathu. Tiuzeni pothandiza."

Takhuta, achimwene. Mabulangete ndi ufa pitani nazo lero, nambala ya mphunzitsi mupatsidwa ndi a hedimasitala mukawaimbira, pa wailesi sitiulutsa. Koma zotenga ana awiriawiri ayi. Sindikukukayikirani, kungoti ana asukulu, makamaka atsikana, agone malo amodzi pamene aphunzitsi akuwaona, ndipo tsiku lonyamuka pasakhale wina wosowa chifukwa sitima ya m'tauni yachedwa.

Pamene mungathandize kwambiri ndi pa ndalama. Kutumiza kuchokera ku Joni kubwera kuno n'kosavuta, aliyense amadziwa Mukuru. Kutulutsa ndalama kuno kupita uko ndiye mutu waukulu: ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, pamafunika makalata, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, randi imodzi imadya makwacha ochuluka. Inu muli ndi marandi m'thumba. Sonkhanani, pitani ndi mphunzitsi mmodzi ku ofesi ya basi, mulipire pa kauntala, lisiti lijambulidwe litumizidwe ku komiti. Ndalama zisadutse m'manja ambiri.

Kunonso chimodzimodzi. Komiti isankhe msungichuma mmodzi, nambala ikhale imodzi yolengezedwa ndi a hedimasitala pamsonkhano, ndipo zolowa ndi zotuluka ziziwerengedwa pagulu madzulo aliwonse. Zosonkhedwa kunozi zilipire chindapusa cha matikiti a ku Chileka ngati kampaniyo ingalole kuti chiperekedwe ku ofesi yake ya kuno m'makwacha, zotsala zisungidwire galimoto yowatenga ku Blantyre. Bambo wina wa minibasi ku Bangula waimba kale kuno kunena kuti iye angofuna a mafuta okha, kukwera Thabwa ndi kutsika. Bambo, foni yanu ikhale yotsegula kuyambira Lachinayi, ndipo mukonze mabuleki musanakwere phiri lija ndi ana a eni.

Tipume kaye ndi nyimbo, tikabwera timve mitengo ya pamsika wa Bangula.