Tunnel yakana kulumikiza: tiyambire pageti

Zikomo a wapampando. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ndaona ena mwatsegula kale malaputopu. Atsekeni kaye, tiwagwira kumapeto.

Chaka chatha mnzanga wina wa sitolo ya simenti ndi malata anandipempha kuti azitha kuona mabuku ake a ngongole ngakhale ali kumunda. Mabukuwo ali pa kakompyuta kakang'ono ku ofesi kwake, kamene timakatcha seva. Tinaikapo WireGuard, pulogalamu imene analemba Jason Donenfeld, ndipo inalowa mu Linux 5.6 m'mwezi wa Malichi 2020. Ntchito yake ndi kukumba kanjira kobisika pakati pa foni yanu ndi seva, kuti zimene zikudutsamo munthu wapakati asaziwerenge. Kanjira kameneka ndiye tunnel. Tinakonza zonse, tinayatsa, zii. Masiku atatu ndinkangosintha izi ndi izi ngati munthu wofuna singano mumdima, kenako ndinazindikira kuti funso loyamba sindinalifunse: kodi mlendoyu, uthenga wochokera pa foni, akufika n'komwe pageti?

Tiyerekeze ndi mpanda wa nyumba za lendi. Mumpandamo muli nyumba zingapo, iliyonse ili ndi nambala yake, koma manambalawo amadziwika ndi a mumpanda okha. Ndiwo maadiresi a makompyuta ndi mafoni a mu netiweki yanu, oyamba ndi 192.168 kapena 10 aja. Kunja, anthu amadziwa geti limodzi basi, ndipo pageti pali mlonda, amene ndi rauta yanu. Wa mumpanda akatuma mwana kunja, mlonda amalemba m'kope, mwanayo akabwerera amamutsegulira. Koma mlendo wongofika osaitanidwa, mlonda sadziwa kuti amulozere nyumba iti, amangomubweza. Khalidwe limeneli limatchedwa NAT. Kuti mlendo alowe, muyenera kumuuziratu mlonda kuti aliyense wobwera ndi nambala 51820 apite nyumba yakuti. Ndiye port forwarding imeneyo, ndipo 51820 ndi nambala imene ambiri amagwiritsa ntchito pa WireGuard.

Vuto la WireGuard, lomwenso ndi ubwino wake, n'lakuti ndi yosalankhula. Foni ndi seva zimadziwana ndi makiyi, ndipo wina akagogoda ndi kiyi wolakwika siyankha ngakhale kuti "ndani?" Imangokhala chete, kuti akuba asadziwe kuti pali khomo. Ndiye foni yanu ikhoza kuonetsa kuti tunnel yayaka pamene palibe chimene chikuchitika. Musakhulupirire kabatani kobiriwira. Pitani pa seva mulembe wg show, muyang'ane mzere wakuti latest handshake. Handshake ndi moni wa pakati pa mbali ziwirizo, ndipo zinthu zikamayenda moniwo umabwerezedwa pafupifupi mphindi ziwiri zilizonse. Mzerewo ukasowa, ndiye kuti sanapatsane moni.

Apa ndi pamene ambiri timathamangira kupanga makiyi atsopano. Dikirani. Lembani tcpdump pa seva, pulogalamu yoonetsa mauthenga amene akufika, muiuze kuti izimvetsera mauthenga a mtundu wa UDP pa 51820, kenako muyatse tunnel pa foni. Mukaona mizere ikutuluka, mlendo wafika pakhomo, ndipo mlandu ndi wa makiyi kapena firewall ya sevayo, pulogalamu yotchinga mauthenga osaloledwa. Kawirikawiri munthu amakhala ataika kiyi wake yemwe pamene pamafunika kiyi wa mnzake. Koma pakakhala zii, makiyi alibe mlandu, alekeni.

Chenjezo laling'ono: poyesa, zimitsani Wi-Fi pa foni, mugwiritse bandulo. Marauta ambiri salola munthu amene ali mumpanda kutuluka n'kudzagogodanso pageti lake lomwe. Mudzaganiza kuti zakanika pamene zili bwinobwino.

Pa rauta yang'anani zinthu ziwiri. WireGuard imayenda pa UDP yokha, ndiye mukasiya port forwarding pa mtundu wina uja wa TCP, monga marauta ena amasankhiratu, mwatsegula khomo lolakwika. Chinanso ndi cha magetsi. Akathima n'kuyakanso, rauta imatha kugawa maadiresi mwatsopano, seva imene dzulo inali 192.168.1.20 lero n'kukhala 192.168.1.23, mlonda n'kumalozera alendo nyumba yopanda munthu. Mukamva wina akuti "dzulo zimagwira, lero zasiya", yambani pamenepa. Ipatseni seva adiresi yosasintha.

Tsopano pa sitolo ya mnzanga uja zonsezi zinali bwino, koma tcpdump inali zii. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri a ife ogwiritsa marauta a SIM khadi timagwera.

Maadiresi a pa intaneti a mtundu wakale, otchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo sakwanira zipangizo zonse za padziko. Choncho makampani ambiri a mafoni amaika makasitomala ochuluka kumbuyo kwa adiresi imodzi. Ndiye kuti mpanda wanu uja uli mkati mwa mpanda wina waukulu, wokhala ndi mlonda wake amene simungamulamule. Dzina lake ndi CGNAT. Inu mumuuze mlonda wanu wamng'ono chilichonse, mlendo akubwezedwa pageti lalikulu, musanamuone n'komwe. Si nkhanza za kampani ayi, ndi kuchepa kwa maadiresi.

Kuidziwa kwake n'kosavuta. Lowani mu rauta, muone adiresi imene yalembedwa pa WAN, mbali ya rauta yoyang'ana kunja. Kenako tsegulani tsamba lililonse la pa intaneti louza munthu adiresi yake. Ziwirizo zikafanana, geti ndi lanu. Zikasiyana, pali mlonda wina kutsogolo. Makamaka mukaona ya pa WAN ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, musatayenso nthawi, chigawo chimenecho anachipatula mu 2012 kuti chizigwira ntchito imeneyi. Ya mnzangayo inayamba ndi 100. Nditaiona ndinangoseka ndekha, masiku atatu atapita pachabe. Nthawi zina mlonda wachiwiriyo amakhala m'nyumba mwanu momwe, pamene mwalumikiza rauta yanu kumbuyo kwa ya kampani. Zikatero ndi bwinoko, mumangotsegula khomo pa marauta onse awiri.

Achimwene akweza dzanja uko, ndikudziwa funso lanu: nanga ikakhala CGNAT tingotaya? Ayi. Mukhoza kufunsa kampani ngati imapereka adiresi yanuyanu, ena amapereka koma molipiritsa. Ngati mbali zonse ziwiri zili ndi IPv6, maadiresi a mtundu watsopano amene ndi ochuluka, vutoli limachepa. Koma njira imene ine ndimaikonda ndi yotembenuza nkhani. Paja tinati mlonda saletsa wa mumpanda kutuluka? Ndiye timachita lendi kaseva kakang'ono ka pa intaneti, kamene amati VPS, kokhala ndi adiresi yake yoonekera. Seva ya ku sitolo ndiyo imatuluka kukalumikiza kumeneko, foni nayonso imapita komweko, n'kukumana pabwalo. Palibe wogogoda pageti la mnzake.

Pamenepa pali kamzere kamodzi kosaiwala mu fayilo ya WireGuard ya seva ya ku sitolo: PersistentKeepalive = 25. Mlonda uja kope lake salisunga mpaka kalekale. Pakapita kanthawi popanda chodutsa, amafufuta dzina, tunnel n'kufa mwakachetechete. Kamzereko kamachititsa seva kutumiza kapaketi, kauthenga kakang'ono kopanda kanthu, masekondi 25 aliwonse, ngati kungodutsa pageti n'kunena kuti "tilipo, a mlonda". Bandulo imene kamadya ndi yochepa kwambiri.

Tinene kuti moni wachitika koma simukufika pa mabuku. Zotsalazi ndidutsa mofulumira. Yang'anani mzere wa AllowedIPs mu fayilo ya WireGuard mbali zonse, chifukwa adiresi imene sinalembedwe pamenepo WireGuard siinyamula. Ngati mukufuna kufika pa makompyuta ena a mu ofesi kudzera pa seva, kapena kudutsa pa VPS ija, net.ipv4.ip_forward, imene imalola seva kupititsa mauthenga kwina, ikhale 1, pakuti Linux imabwera itatseka zimenezi. Ndipo ngati kunyumba muli pa 192.168.1 ndipo ku ofesinso ndi 192.168.1, laputopu imaganiza kuti seva ili pabalaza pomwepo, siilowanso mu tunnel. Sinthani mbali imodzi, mwachitsanzo ikhale 192.168.57.

Lomaliza ndi lozunguza mutu. Ping, kauthenga kakang'ono koyesera ngati seva ikuyankha, ikuyenda, koma tsamba likungozungulira, fayilo yaikulu ikuima pakati. Imeneyo ndi MTU, kukula kwa paketi. Chingwe wamba chimanyamula mabaiti 1500, WireGuard imadziikira 1420 kuti pakhale malo a chikuto chake, koma manetiweki ena a mafoni ndi opapatiza kuposa apo. Zili ngati ngolo yodzaza udzu pa mlatho wopapatiza: njinga ikudutsa, ngolo yakanirira. Tsitsani kufika 1280, zikayenda muzikweza pang'onopang'ono.

Mayi akufunsa ngati OpenVPN, pulogalamu ina yokumba tunnel, ndi chimodzimodzi. Geti ndi lomwelo mayi, nambala yake yozolowereka ndi 1194, kungoti iyoyo imalankhula, imalemba madandaulo ake mu log, kope lake la zochitika.

Tsopano tsegulani malaputopu aja. Rauta ili patebulo apa, pasiwedi ndalemba pabolodi. Woyamba kupeza adiresi ya pa WAN aiwerenge mokweza, tione ngati geti la holo ino ndi lathu.