Uyambe ndi mitsinje, mphwanga: za phunziro lako la Dolo

Halo... ikujambula? Eya, yayamba. Mphwanga, uthenga wako ndaumva, ndinali kudimba nchifukwa chake ndachedwa. Ndiye akupatsa mbiri ya Dolo, pamalire a Ethiopia ndi Somalia paja, eti, kuti ukaphunzitse Lachinayi oyendera atakhala kumbuyo? Chabwino. Usanjenjemere. Tenga pepala ndi pensulo, ine ndiziyankhula iwe uzijambula.

Choyamba, usayambe ndi zaka. Ukangolowa nkuyamba 1908, 1936, ana agona. Usayambenso ndi malire. Yamba ndi madzi. Pa bolodi ujambule chinthu chonga mphanda ya legeni. Nthambi ya kumanja, yochokera kumpoto, ndi mtsinje wa Ganale. Ya kumanzere ndi Dawa. Yonse iwiri imachokera kumapiri a ku Ethiopia. Pamene ikukumanapo, pamphandapo, ndiye pa Dolo. Chogwirira cha legeni chija, chotsikira kummwera, ndi Juba. Juba amayambira pamenepo, nkudutsa Luuq, Bardera, mpaka kukathira m'nyanja pafupi ndi Kismayo. Wajambula? Usathamange.

Tsono matauni ndi awiri, iyi uimvetse. Pakati pa nthambi ziwirizo, mbali ya Ethiopia, pali Dolo Ado, ena amalemba Dolo Odo. Tsidya lina la Dawa, ku Somalia, m'chigawo cha Gedo, pali Doolow. Pakati pali mlatho. Anthu ake ndi amodzimodzi, Asomali, chiyankhulo chimodzi, chipembedzo chimodzi, ena akwatirana. Ana akadabwa uwakumbutse za ku Lizulu, kumene umagula mbatata mbali ino ya msewu uli ku Malawi, ukaoloka uli ku Mozambique. Amva msanga. Ukakwera ndi Dawa pang'ono ufika pa Mandera, imeneyo ndi Kenya. Uike kadontho pamenepo, tibwererako.

Aa, ndisanaiwale. Juba ameneyu ndi mtsinje. Si mzinda wa Juba wa ku South Sudan, umenewo uli pa Nile, kutali zedi. Ndinali ndi mnzanga wina, sindimutchula, ndinamuuza kuti achimwene yang'anani mapu musanalowe m'kalasi. Iye amvekere ndakhala ndikuphunzitsa zaka khumi ine. Anakalemba pa bolodi kuti Juba ndi likulu la Asomali a kummwera, ana nkukopera, mpaka m'mayeso. Basi tizisiye.

Ukatha madzi, uike anthu. Kumeneko nkouma, kotentha, mvula imagwa kawiri pa chaka, ya Gu cha m'ma Epulo ndi ya Deyr cha m'ma Okutobala, ndipo nthawi zina imangokanika. Oweta ngamila ndi mbuzi amatsikira kumtsinje chilimwe chikafika povuta, olima amakhala m'mphepete momwemo ndi mapira ndi chimanga. Dawa amaphwa miyezi ina, Ganale ndiye saphwa. Ndiye pamphanda paja mpamene aliyense ankafuna. Amalonda nawonso ankadutsa chigawo chimenecho, msika waukulu unali pa Luuq, minyanga, zikopa ndi ziweto kupita kunyanja ku Mogadishu, Merca ndi Brava, nsalu nkumakwera. Izi uzinene mwachidule, mphindi zitatu zakwana.

Kenako ndiye malire. Utenge choko cha mtundu wina, ngati chilipo. Mu 1891 Angerezi ndi Ataliyana anagwirizana kuti Juba akhale malire awo, kumadzulo kwa Angerezi, kum'mawa kwa Ataliyana. Mtaliyana wina, Vittorio Bottego, anayenda ndi mtsinje wa Ganale mu 1893, ndiye anauwonjezera dzina loti Doria, polemekeza mkulu wina wa kwawo. Ukaona pa mapu Ganale Doria, ndi Ganale yemweyo, usajambule mitsinje iwiri. Mu 1895 anabweranso nkusiya mnzake Ugo Ferrandi pa Luuq. Koma 1896 Menelik, mfumu ya Ethiopia, anawaswa Ataliyana ku Adwa, ndiye kuyambira pamenepo Ethiopia sanali woti nkumulembera malire iye kulibe.

Apa umvetsere. Mu Disembala 1907 Menelik anagwirizana ndi Angerezi kuti malire awo ayambire pokumana Dawa ndi Ganale nkumakwera ndi Dawa. Pa 16 Meyi 1908 anagwirizananso ndi Ataliyana kuti malire awo ayambire... pati? Pomwepo, pa Dolo, nkulowera kum'mawa ku mtsinje wa Shabelle. Waona? Maufumu atatu, onse chala chawo pamphanda pamodzi. Vuto nlakuti pangano la 1908 lija silinatchule bwino mapiri kapena zigwa, linati malire azitsata kumene fuko ili likulekezera ndi kumene linalo likuyambira. Nanga anthu oyenda ndi ziweto amalekezera pati? Anatumiza oyeza malo, anayambira pa Dolo pomwepo, ntchito inathera panjira. Mpaka lero mzere wa Ethiopia ndi Somalia sunamalizidwe bwinobwino. Pamenepo uime kaye, uwafunse ana kuti akuganiza kuti chinatsatira nchiyani.

Kadontho ka Mandera kaja. Mu 1925 Angerezi anapereka dera la kumadzulo kwa Juba, lotchedwa Jubaland, kwa Ataliyana, ngati malipiro a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija. Ndiye ufufute mzere wa pa Juba, ujambule wina kumadzulo. Pokumana mayiko atatu panasuntha, kuchoka pa Dolo kupita cha ku Mandera. Ufufute pamaso pawo, aone ndi maso kuti mzere ukusuntha koma mtsinje uli pomwepo. Usabwere ndi mapu ojambuliratu kunyumba, ayi.

Tsopano apa mpamene ine ndinagwa. Khala tcheru. Ndinagwa chagada, oyendera ali kumbuyo ngati mmene adzakhalire kwa iwe. Ku Ethiopia kuli Dolo muwiri. Ndibwereze, kuli Dolo muwiri. Pali Dolo wathu wa pamtsinjeyu, amene ali m'chigawo cha Liben. Ndiye pali chigawo china chotchedwa Dollo, kum'mawa kutali, kumene kuli tauni ya Warder, kouma kopanda mtsinje, anthu amadalira zitsime. Pafupi ndi Warder pali Walwal, pamene asilikali a Ethiopia ndi a Italy anawomberana mu Disembala 1934, chimene Mussolini, mtsogoleri wa Italy, anachitenga ngati chonamizira cholowera m'dzikomo. Ine ndinawerenga usiku, tulo tili m'maso, nyali ikuzima, nkuona Dollo, nkuona Walwal, basi ndinaziphatikiza. M'mawa ndinaika Walwal pamphanda pa legeni penipeni. Ndikufotokoza ndi mphamvu zanga zonse kuti ankalimbirana zitsime. Kamnyamata kena, kakang'ono, ka kutsogolo, kanakweza dzanja. Akuti aphunzitsi, ngati pali mitsinje iwiri, zitsimezo ankalimbiraniranji? Mphwanga, thukuta. Ndinayang'ana bolodi, ndinayang'ana kumbuyo, woyendera uja akungolemba osadzutsa mutu. Ndinayankha zoti mwina madzi a mumtsinje anali akuda. Bodza lenileni, ndipo kamwanako kanadziwa. Ndiye iwe Walwal umuike kutali, kungodya ya kumanja kwa bolodi, ulembe kuti zitsime. Dolo wa mtsinje, Dollo wa zitsime. Unene kawiri. Kalembedwe usakadalire, chifukwa mabuku ena amalemba onse awiri ndi l muwiri. Udalire madzi.

Eya. Ndinali pati... 1935. Nkhondo inayamba mu Okutobala. Kummwera Ataliyana ankatsogoleredwa ndi Rodolfo Graziani, ndipo Dolo inali poyambira pake. Ras Desta Damtew, mkamwini wa Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia nthawi imeneyo, anatsika ndi gulu lake kuchokera ku Negele kulunjika ku Dolo, ulendo wautali, chakudya chochepa, ndege zikuwaphulitsa, mpweya wa poizoni ukugwiritsidwa ntchito. Pa 30 Disembala 1935 ndege za Italy zinaphulitsa chipatala cha m'matenti cha Red Cross ya ku Sweden m'mbali mwa Ganale, nkhani inamveka dziko lonse. Mu Januwale 1936 Graziani anatuluka pa Dolo ndi magalimoto, nkumwaza gulu la Ras Desta, pa 20 Januwale anali atalowa mu Negele. Imeneyo ndiyo nkhondo ya Ganale Doria. Ambiri mwa asilikali a Graziani anali Asomali, ndiye usawauze ana kuti inali ya azungu ndi anthu akuda basi, siinali yophweka choncho.

Wina akafunsa kuti ife zikutikhudza bwanji, uwauze za chipilala cha asilikali a KAR, King's African Rifles, ku Zomba. Asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi Ataliyana ku Moyale mu Julayi 1940 ndi ku Tug Argan mu Ogasiti chaka chomwecho. Koma ungokhudza, usalowerere, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ine ndikaiyamba sinditha.

Zotsatirazo uthamange nazo. 1941 Ataliyana agonja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Angerezi alamulira. 1948 dera la Ogaden, kumene kumakhala Asomali, libwerera ku Ethiopia. Pa 1 Julayi 1960 Somalia ilandira ufulu, mbendera yake ili ndi nyenyezi ya nsonga zisanu, kuimira madera asanu a Asomali, awiri mwa iwo ali m'manja mwa Ethiopia ndi Kenya. Ujambule nyenyeziyo, ana amaikonda. Ndiye nkhondo ya Somalia ndi Ethiopia, 1964, kenako yaikulu ya 1977 mpaka 1978. Somalia itagonja anthu anathawa kuchoka ku Ethiopia kulowa ku Gedo, misasa inadzaza cha ku Luuq. Ujambule muvi woloza kummwera.

Muviwo usaufufute, iyi ndiye mfundo yako yaikulu... ayi dikira, ndalumpha. 1991 kaye. Siad Barre, pulezidenti wa Somalia, agwa mu Januwale, athawira ku Gedo komweko, kwawo kwa fuko lake, boma litha. Gulu la zida lachisilamu la al-Itihaad likhazikika pa Luuq, ndipo mu Ogasiti 1996 asilikali a Ethiopia aoloka malire kukalimenya, Doolow ili panjira. Eya, tsopano muvi wachiwiri. 2011, chilala, nkhondo ya al-Shabaab, bungwe la United Nations lilengeza njala mu Julayi. Anthu anayenda pansi masiku ambiri, ana kumsana, nkudzaoloka pa Doolow kulowa Dolo Ado. Misasa inafika isanu: Bokolmayo, Melkadida, Kobe, Hilaweyn, Buramino. Itatu yomalizayo inatsegulidwa chaka chomwecho cha 2011. Muvi uwu uloze kumpoto, pambali pa woyamba uja. Dera lomwelo, anthu a mtundu womwewo, ulendo uno akuthawira kumene makolo ena anachokera. Usafotokoze zambiri, ungoloza mivi iwiriyo nkukhala chete pang'ono. Mayina a misasa usawakakamize kuloweza, ena ndi ovuta, iwenso uyeserere pagalasi.

Nthawi ikatsala ubwerere kumadzi. Lero m'mbali mwa Ganale ndi Dawa muli mapampu, anthu akulima anyezi, chimanga, mavwende, othawa kwawo pamodzi ndi eni dera. Ku Doolow kulinso misasa ya anthu othawa m'dziko lawo lomwe, Kabasa ndi Qansaxley. Ndipo mtsinje womwewo umalusa, mu Novembala 2023 madzi anasefukira ku Doolow ndi ku Luuq, ku Bardera mlatho unakokoloka. Ana a kuno madzi osefukira amawadziwa, sufunika kuwauza kuti zimakhala bwanji.

China, usapite ndi mapepala asanu m'manja. Msuweni wako uja ndinamuuza zomwezi, sanamve, anapita ndi mulu wa mapepala, mphepo inalowa pawindo, anayamba kutola pansi ana akuseka. Kapepala kamodzi, zaka zisanu ndi chimodzi: 1908, 1925, 1936, 1977, 1991, 2011. Zinazo zili pa bolodi.

Choko cha mtundu ukapemphe Lachitatu, osati m'mawa wa tsikulo. Ujambule legeniyo panopa, uijambule pafoni unditumizire ndione ngati Dawa wamuika kumanzere. Batire yatsala pang'ono... amayi ako uwapatse moni. Walwal kungodya, wamva?