Kagalu kanga ka ku Matundo ndi nkhupakupa za ku Tete

Moni abale anga, kaya mukumvera muli ku Dedza kwathu, ku Ulongwe kapena ku Joni. Ndikulankhula ndili pakhonde kuno ku Matundo, tsidya lino la Zambezi. Mukamva kulira kwa fani mundikhululukire, Okutobala wa ku Tete sachita naye masewera, masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Sabata ziwiri zapitazi ndinali zii chifukwa cha Tsabola.

Tsabola ndi kagalu kanga, kolemera makilogalamu anayi okha. Anandisiyira ndi bwana wina amene ndinkamukonzera galimoto ku Moatize, kontirakiti yake itatha. Poyamba ndinkachita nako manyazi. Kwathu galu ndi wosaka ndi wolondera, amadya mkute, ndipo akadwala amakagona kuseri kwa nkhokwe mpaka achire kapena afe. Koma munthu ukakhala kwa eni, anzako akulankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi chomwe umangotolako pang'ono, kanthu kokuthamangira pageti madzulo kamasanduka m'bale.

Lolemba lina kanakana chakudya. Lachitatu ndinaona timadontho ta magazi tikutuluka m'mphuno. Nditakweza mlomo wake, nkhama zinali mbuu ngati pepala.

Ndinathamangira kusitolo ina ya mankhwala a ziweto. Mkulu wa pamenepo sanafunse n'komwe kuti galuyo ndi wamkulu bwanji. Anangoti, "Achimwene, amenewo ndi matenda a nkhupakupa," n'kunditulutsira kapaketi ka Berenil, ufa wachikasu uja amasungunula n'kubaya ng'ombe. Ndinagula, sindinama. Chomwe chinandigwira dzanja ndi jakisoni: ndinayang'ana kukula kwake, ndinayang'ana ntchafu ya Tsabola, mtima unakana.

Mnzanga wina wa ku Tsangano ndiye anandipatsa njira yopezera dotolo wa ziweto m'tauni. Ndinakulunga kagalu m'chitenje, n'kukwera txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu, kuwoloka mlatho wa Samora Machel. Woyendetsa ankaganiza kuti ndanyamula khanda. Ataona mchira anaseka mpaka kutsokomola.

Dotoloyo, mayi wodekha, anayamba ndi sikelo. Nditawaonetsa kapaketi kaja anagwira pakamwa. Anati mankhwalawo amachizadi matenda ena a nkhupakupa otchedwa babesia, koma kwa galu mlingo wochiza ndi mlingo wopha zili pafupi kwambiri. Ukangopyola pang'ono amawononga ubongo, ndipo kagalu ka makilogalamu anayi sungakayezere ndi maso.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira zambiri. Nkhupakupa sizipereka nthenda imodzi. Babesia imaswa maselo ofiira a magazi, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ehrlichia imachepetsa tizinthu tothandiza magazi kuundana, n'chifukwa chake galu amatuluka kamfuno. Ndiye kuno kuchigwa cha Zambezi palinso kashembe, amene amapatsira agalu tizilombo ta kaodzera, maso n'kuchita ngati mwalowa chifunga. Zonsezi poyamba zimafanana: kutentha thupi, kufooka, nkhama zotuwa. Koma mankhwala a Ehrlichia ndi osiyana ndi a zinazo.

Anabaya kunsonga kwa khutu, n'kupaka kadontho ka magazi pagalasi, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Babesia sanaione, tizilombo ta kashembe ayi. Kenako anatulutsa kachipangizo kofanana ndi kaja amatiyezera malungo kuchipatala. Titadikira mphindi zochepa kanasonyeza Ehrlichia. Anandichenjeza kuti kachipangizoko kamangouza kuti thupi linakumanapo ndi kachilomboko, koma pamodzi ndi kamfuno uja zinali zokwanira kuyamba mankhwala.

Ankafunanso kuwerenga magazi onse ndi kuona ngati impso zili bwino, koma makina ake analibe. Ndinafunsa za akatswiri. Sukulu ya madotolo a ziweto ya Universidade Eduardo Mondlane ili ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500. Blantyre ili pafupi, kungodutsa Zóbuè ndi Mwanza, koma galu sawoloka malire ngati thumba la mbatata: pamafunika khadi la katemera wa chiwewe, kalata ya dotolo ndi chilolezo cholowetsera chiweto. Khadi la Tsabola bwana uja anapita nalo kwawo. Ine mwini pasipoti ndili nayo, galu wanga ndiye anakhala wopanda mapepala.

Tinagwirizana kuti tiyambe doxycycline, masiku 28 osadumphitsa, pomwera pa chakudya kuti asasanze. Akapanda kusintha ndiye tiyambe za mapepalazo. Panado ndi brufen anandiletseratu.

Usiku ndinaimbira amayi ku Dedza. Nditawauza mameticais amene ndinalipira anakhala chete, kenako anati, "Mwanawe, galu kuyezedwa magazi? Ine mwendo uno wandivuta chaka chonse." Ndinalibe poyankha. M'mawa mwake ndinawatumizira ya thiransipoti yopitira kuchipatala, ndipo dzulo apita.

Lero ndi tsiku la 12. Nkhama zayamba kufiira, ndipo m'mawa uno kaba usipa pambale yanga. Loweruka ndikupopera mankhwala m'ming'alu ya khoma ndi pansi pa khonde, poti nkhupakupa zofiirira za agaluzi zimaswanirana m'nyumba momwemo. Katemera wa chiwewe ndi khadi latsopano tidikira kachire kaye.

Imvani, ndi kameneko kakuuwa mbuzi ya aneba. Ndithamange isanadye chitenje changa pachingwe.