Kodi n'zoona kuti Myuda sangamenye nkhondo pa Sabata?

[Chithunzi: msewu waukulu wopanda galimoto ndi imodzi yomwe. Sayirini ikulira chapatali.]

Loweruka, pa 6 Okutobala 1973, cha m'ma 2 koloko masana. Ku Israel misewu ili zii. Wailesi yatseka, anthu ali m'masunagoge, chidyereni dzulo dzuwa lisanalowe. Ndi Yom Kippur, tsiku lopatulika kuposa masiku onse a Ayuda, ndipo chaka chimenecho lagweranso pa Sabata. Ola lomwelo asilikali a Egypt akuwoloka ngalande ya Suez, a Syria akukwera mapiri a Golan.

Ndiye pali kankhani kamene kamayenda m'magulu a WhatsApp, ena amakanena ngakhale pa guwa, kakuti anawapezerera tsiku limenelo chifukwa Myuda saloledwa kugwira mfuti pa Sabata. Anzanga, kankhani kameneka kamandiyabwa. Lero ndikakhalira pansi. Ndili ndi mfundo zisanu, yokoma ndi yachitatu, koma musadumphe ayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mwabwera koyamba, takulandirani, dinani subscribe ndi kabelu kajako kuti vidiyo ina isakuphonyeni.

Mfundo yoyamba, ndithamanga. Tikati chiphunzitso cha Ayuda, musangoganiza za Chipangano Chakale chokha. Pali Torah, mabuku asanu a Mose aja. Pali Mishnah, malamulo amene arabi, aphunzitsi a chipembedzo cha Ayuda, ankapatsirana pakamwa mpaka analembedwa cha m'ma 200 AD. Pali Talmud, mkangano wautali wa arabi pa Mishnah yomweyo. Zonsezi zikaphikidwa pamodzi zimatulutsa halakha, kutanthauza kayendedwe, mmene munthu achitire tsiku ndi tsiku. Wowerenga vesi limodzi n'kumati wawamvetsa Ayuda ali ngati wolawa mchere n'kumati wadya ndiwo. Basi, tapita.

Yachiwiri. Arabi amagawa nkhondo pawiri. Pali milchemet mitzvah, nkhondo yolamulidwa, monga kudziteteza mdani akakuputani. Pali milchemet reshut, yochita kufuna, monga mfumu ikafuna kukulitsa malire. Yachiwiriyi mfumu sinkangodzuka n'kuiyamba, inkayenera kuvomerezedwa ndi Sanhedrin, bwalo la oweruza 71, ndipo bwalo limenelo kulibe lero. Tsegulani Deuteronomo 20 muone anthu obwezedwa kunkhondo. Wamanga nyumba koma sanalowemo, abwerere. Wabzala munda wamphesa koma sanadyeko, abwerere. Watomera mkazi koma sanamutenge, abwerere. Ngakhale wamantha abwerere, angafooketse anzake. Kukanakhala kwathu kuno, aliyense akanati ali ndi chibwenzi chimene anakaonekera kale kwa ankhoswe. Koma Mishnah imati kubwerera kumeneku n'kwa pa nkhondo yochita kufuna. Pa yolamulidwa amapita onse, ngakhale mkwati kuchokera m'chipinda chake.

Ndisakubisireni, chaputala chomwecho chili ndi mavesi owawa, olamula kufafaniza mitundu ya ku Kanani. Maimonides, katswiri wa malamulo amene anabadwira ku Córdoba n'kumwalira ku Egypt mu 1204, analemba kuti mitundu imeneyo inatha kale, palibenso woiloza chala. Analembanso kuti asanaponye muvi ayambe apempha mtendere, ndipo pozinga mzinda asiye mbali imodzi yotseguka kuti wofuna kuthawa athawe.

Tsopano yachitatu. Khalani bwino.

Bodza lililonse lolimba limakhala ndi kamuzu koona, ndipo ili nalo lilinso nako. Tibwerere cha m'ma 167 BC. Mfumu yachigiriki Antiochus Epiphanes, imene ikulamulira Ayuda, yaletsa mdulidwe, yaletsa Sabata, yadetsa Kachisi. Gulu lina la Ayuda lathawira m'mapanga a m'chipululu, amuna, akazi, ana ndi ziweto. Asilikali a mfumu awapeza pa tsiku la Sabata. Akuwauza kuti tulukani, mverani mfumu, mukhala ndi moyo. Iwo akana. Koma taonani, sanaponye mwala ngakhale umodzi, sanatseke n'komwe pakhomo pa phanga. Anangoima n'kuphedwa, anthu ngati 1,000.

Nkhaniyi ili mu 1 Amakabeo chaputala 2. Akatolika muli nayo m'Baibulo mwanu. Ena nonse mukabwereke kwa aneba, ndipo chodabwitsa n'chakuti bukuli m'Baibulo la Ayuda eniakewo mulibe.

Ndiye wofalitsa bodza uja amathera pomwepa, n'kutseka buku. Bambo, werenganiko mavesi otsatirawo! Wansembe Mattathias wa ku Modi'in ndi anzake atamva, analira maliro, kenako anakhala pansi n'kuona kuti akamachita monga anachitira abale awowo, atha onse psiti. Tsiku lomwelo anagwirizana kuti aliyense wobwera kudzawathira nkhondo pa Sabata, amenyana naye. Zaka zoposa 2,100 zapitazo zimenezo. Chigamulo chakale kuposa Chipangano Chatsopano chonse, koma wina mu gulu la WhatsApp sanachimvebe.

Sizinathere pomwepo, ndivomere. Mu 63 BC Pompey wa ku Rome atazinga Kachisi ku Jerusalem, wolemba mbiri Josephus akuti Ayuda ankabwezera akawaputa pa Sabata, koma mdani akamangogwira ntchito yake osawaponyera kanthu, ankamuyang'ana. Aroma anaitulukira mfundoyi. Sabata likafika sankamenya, ankangokwirira chigwa ndi kusendeza zida zawo zogumulira khoma. M'mwezi wachitatu wa kuzingako Kachisi anagwa m'manja mwawo. Phunziro lowawa, ndipo arabi a pambuyo pake mpata umenewo anautseka ndithu.

Tamverani mmene Talmud ikunenera, mu gawo lotchedwa Eruvin. Adani akazinga mudzi wa Ayuda pofuna miyoyo, anthu atuluke ndi zida, Sabata kaya Sabata. Akabwera kudzangofuna chuma, Sabata lisaswedwe. Koma ngati mudziwo uli m'malire, ngakhale adaniwo abwere kudzangoba udzu ndi mapesi, atulukireni ndi zida. Udzu, anzanga! Chifukwa wobera udzu lero ndi amene akuyeza mpanda kuti mawa alowe. Lamuloli linalowa mpaka mu Shulchan Aruch, buku la malamulo la Yosef Karo limene linasindikizidwa ku Venice mu 1565, ndipo Ayuda osunga mwambo amalitsatirabe.

Ndikuona ena mwayamba kale kulemba mu ma comment. Lembani, ndimawerenga onse, ngakhale onditukwana aja. A Seventh Day, ndikudziwa muli pompano, tandiuzani nkhani ngati iyi mumaiona bwanji kwanuko. Ndikufunsa mwaulemu, si ndewu.

Muzu wa zonsezi ndi mawu awiri, pikuach nefesh, kupulumutsa moyo. Levitiko 18 vesi 5 amati munthu akasunga malamulo adzakhala ndi moyo nawo. Arabi anagwira mawu amenewa n'kuti, mwamva? Akhale nawo ndi moyo, osati afe nawo. Ndiye Mishnah imapereka chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri. Khoma lagwa pa Sabata. Simukudziwa ngati pansi pali munthu kapena palibe. Ngati alipo, simukudziwa ngati ali moyo kapena wafa, ngati ndi Myuda kapena ayi. Mutani? Fukulani. Kufukula ndi ntchito, inde, ndipo ntchito zoletsedwa pa Sabata zilipo mitundu 39, koma kukayika kokhako kuti mwina pali wamoyo n'kokwanira. Pa Yom Kippur pomwe, mayi woyembekezera akamva fungo la chakudya n'kuyamba kulenguka, amudyetse mpaka mtima ukhale pansi. Wodwala chimodzimodzi.

Maimonides anawonjezera kuti ntchito yotere musakankhire ana kapena anthu akunja kuti inu manja akhale oyera ayi, aigwire akuluakulu eniake. Ndipo mu Talmud muli mawu akuti Sabata linaperekedwa m'manja mwanu, si inu amene munaperekedwa m'manja mwa Sabata. Akhristu mwamva kafungo ka Marko 2 vesi 27, eti? Mkangano umene Yesu ankachita ndi Afarisi unali mkangano wa m'nyumba, Ayuda okhaokha ankaukambirana kale.

Inu a ku Joni mutha kundichitira umboni. Cha ku Glenhazel, ku Johannesburg, mumaona ma ambulansi olembedwa Hatzolah. Ndi gulu la Ayuda lothandiza odwala mwadzidzidzi. Munthu amene pa Sabata sayatsa ndi getsi lomwe, foni ya ngozi ikalira amaliza galimoto n'kuthamanga, ndipo rabi wake samudzudzula, amamuyamikira. Malamulo amene Myuda ayenera kulolera kufa m'malo mowaswa ndi atatu okha: kupembedza mafano, kupha munthu wosalakwa, ndi chigololo kapena kugonana pachibale. Sabata mulibemo.

Nanga 1973 ija? Amuna ankaitanidwa m'masunagoge momwemo, ena akukwera galimoto ya asilikali nsalu yopempherera idakali paphewa. Wailesi inatsegulidwanso kuti iitane anthu. Akatswiri ambiri a mbiri amanena kuti tsikulo linathandizanso kusonkhanitsa asilikali msanga, chifukwa aliyense ankadziwika komwe ali, kunyumba kapena ku sunagoge, ndipo misewu inali yopanda chotchinga. Chimene chinawapweteka masiku oyambawo chinali kuderera. Akuluakulu a zaukazitape anaona zizindikiro koma sanakhulupirire kuti Egypt ingayerekeze. Komiti ya Agranat inafufuza zimenezi, ndipo nduna yaikulu ya Israel, Golda Meir, anatula pansi udindo mu 1974. Komanso, kaiwalidwe kathu, unali mwezi wa Ramadan, kotero mbali inayo nayonso inali m'nyengo yosala. Zimenezo wa pa WhatsApp uja sakuuzani.

Koma musatengeke n'kumati ndiye kuti chiphunzitsochi chimakonda zida. Mishnah yomweyo imaletsa kuyenda ndi lupanga kapena uta pa Sabata ngati palibe ngozi. Rabi Eliezer anati zida ndi zodzikongoletsera za mwamuna, avale. Anzake anamukana, anati ndi chinthu chochititsa manyazi, n'kumuwerengera Yesaya 2 vesi 4, za malupanga osulidwa kukhala makasu. Davide yemwe anakanizidwa kumanga Kachisi chifukwa chokhetsa magazi ambiri, onani 1 Mbiri 22 vesi 8.

Ndapuma. Ngati mfundo imeneyi yakuthandizani, ponyani like, ndipo mutumizireni vidiyoyi munthu uja, mukumudziwa. Bandulo yake isakudetseni nkhawa, aipeza.

Yachinayi, za dziko. Apa ndiye Ayuda osunga mwambo sagwirizana, ndipo si pang'ono. Kachisi atagwetsedwa mu 70 AD, ndi kuwukira Aroma kotsogoleredwa ndi Bar Kokhba kutalephera cha m'ma 135, Ayuda anakhala zaka mazanamazana opanda boma lawo kapena gulu lankhondo lawo. Ankayendera Yeremiya 29 vesi 7, kufunira mtendere mzinda umene akukhalamo, ndi lamulo la Talmud lakuti lamulo la boma ndi lamulo. Mu gawo la Ketubot muli nkhani ya malumbiro atatu: Ayuda asabwerere kudzikolo mwa chigulu ndi mwa mphamvu, asawukire mitundu ina, ndipo mitundu inayo isawapondereze mopitirira muyeso. Rabi Joel Teitelbaum wa gulu la Satmar anaima pa malumbiro amenewa n'kunena kuti kukhazikitsa boma Mesiya asanabwere ndi tchimo. Otsatira Rabi Abraham Isaac Kook, amene anamwalira mu 1935, amaona kubwererako ngati chiyambi cha chiwombolo. Mabuku ndi omwewo, mayankho awiri otsutsana.

Ngakhale tsiku lolengeza dziko la Israel, Sabata linalowererapo. Ulamuliro wa Britain unkatha pakati pa usiku, koma David Ben-Gurion, nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, analengeza masana a Lachisanu, pa 14 Meyi 1948, kuti mwambowo uthe Sabata lisanalowe. Iye yemweyo analola ophunzira Torah pafupifupi 400 kuti asalowe usilikali. Chiwerengerocho chinakula kufika zikwi makumi angapo, mpaka mu Juni 2024 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma liyambe kuwalemba usilikali. Pomwe ena ali ndi sukulu zotchedwa hesder, kumene mnyamata amaphatikiza Talmud ndi usilikali. Choncho wina akakuuzani kuti Ayuda onse amakhulupirira zakutizakuti pa nkhani ya dzikoli kapena pa nkhondo za masiku ano, mufunseni kuti Ayuda ake ati.

Yachisanu, mwachidule chifukwa batire la kamera layamba kuphethira. Deuteronomo 20 vesi 19: pozinga mzinda musadule mitengo yazipatso. Kuchokera pa vesi la nkhondo limeneli arabi anatulutsa lamulo la tsiku lililonse lotchedwa bal tashchit, usawononge. Kung'amba chovala chabwinobwino chifukwa cha mkwiyo, kuswa mbale, kutaya chakudya chodyeka, zonsezo zimalowa mmenemo. Ine nditawerenga ndinakumbukira mtengo wa mango umene ndinagwetsa pakhomo chifukwa choti masamba ankandichulukira posesa. Tisaikambe imeneyo.

Sabata yamawa tikambirana za kosher, malamulo a Ayuda a zakudya: n'chifukwa chiyani chambo Myuda angadye koma mlamba ayi? Yankho lili pa mamba. Vidiyo ya Amakabeo yonse ndi iyi ikuoneka pakona apa, dinani pomwepo. Tionana Lachinayi.